Mbande za mu Ubongo ndi Mnyamata Womva Mawu

Nkhani ya ulendo uno ndi yolemera pang'ono, koma ndikupemphani kuti mupirire nane, pakuti ikukhudza makomo ambiri kuno ku Mitundu, ku Nathenje ndi m'midzi yozungulira, ngakhale kuti eni ake sakonda kuikamba pagulu.

Pa madrasa pomwe ndimaphunzitsa panali mnyamata wina amene ndinkamunyadira kwambiri. Dzina lake ndi mudzi wake sinditchula. Anali wa nzeru zakuthwa, kotero kuti pofika zaka 15 anali ataloweza majuzu angapo a Qur'an, ndipo muazini akachokapo ndiye ankaitana adhana ya Maghrib. Atafika zaka 19 anayamba kusintha, osati mwadzidzidzi ayi, koma pang'onopang'ono monga mmene chiswe chimadyera phaso la nyumba. Poyamba anangosiya kucheza ndi anzake. Kenaka anasiya kusamba. Pa swala ankaima n'kuiwala rakaa imene wafika. Patapita miyezi anayamba kuseka yekha ndi kumacheuka ngati wina wamuitana, mpaka tsiku lina anauza mayi ake kuti wailesi ya m'nyumba ikukamba za iye, ndi kuti anthu a mu tiyirumu ya pamsika apangana zomuthira mankhwala mu tiyi.

Mayi ake anafika kwathu m'mamawa, nagwada pakhomo. "A Mwalimu, mwana wanu uja majini amulowa. Tabwerani mudzamuwerengere." Ndinapita, ndipo ndinkamuwerengera ruqya pafupifupi madzulo aliwonse. Atsibweni ake anali ndi maganizo ena: ankati mwanayo walodzedwa pa nkhani ya malire a munda, ndipo anagulitsa mbuzi ziwiri kukalipira sing'anga. Mnyamatayo atayamba kuyendayenda usiku, bambo ake anamutsekera m'gowelo, namaperekera nsima pawindo. Anakhala momwemo miyezi inayi. Pa miyezi yonseyo ine, amene banjalo linkandimvera koposa wina aliyense, sindinanenepo kuti tipite naye kuchipatala. Kulakwa kumeneko ndi kwanga, ndipo Allah andikhululukire.

Amene anatitsegula maso ndi mlongo wake wa mnyamatayo, wokwatiwa m'tauni, amene anangofika ndi galimoto ya hayala osafunsa munthu. Kuchipatala anatiuza dzina la matendawa: schizophrenia. Ife timangowaphatikiza onse m'mawu amodzi akuti misala, koma madokotala amasiyanitsa, ndipo awa ndi matenda amene munthu amamva mawu opanda wolankhula, amakhulupirira zinthu zimene kulibe, ndipo maganizo ake amasokonekera. M'chaka cha 2022 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti anthu pafupifupi 24 miliyoni ali ndi matendawa, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Werengani anthu a m'midzi iwiri kapena itatu ya kwanuko, mudzaona kuti si nkhani ya kutali.

Ine si dokotala. Ku koleji ndinaphunzira Chiarabu, fiqh ndi tafsir. Koma kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikuwerenga ndi kufunsa, kufuna kudziwa chimene chimachitika m'mutu mwa munthu wotere, ndipo pali mbali imodzi ya zimene akatswiri apeza imene ndaona kuti makolo tonse tiyenera kuimva.

Zoyera za m'mutu wa mbuzi

Amene munaswapo mutu wa mbuzi pa Eid ya Qurbani mukudziwa kuti ubongo uli ndi mitundu iwiri. Kunja ndi wotuwa, koma mukaudula m'kati muli mbali yoyera. Wa munthu ulinso chimodzimodzi. Mbali yotuwayo ndi momwe mumakhala maselo a minyewa, tizigawo ting'onoting'ono timene timagwira ntchito yoganiza, kumva ndi kukumbukira. Mbali yoyerayo ndi nthambo zimene zimalumikiza maselowo, dera lina la ubongo ndi linzake. Zimaoneka zoyera chifukwa zakutidwa ndi mafuta ena ake otchedwa myelin, dzina limene dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anapereka m'chaka cha 1854.

Mafuta amenewa ali ngati pulasitiki wokuta waya wa magetsi. Pa mnyewa wosakutidwa uthenga umayenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi, liwiro la munthu woyenda pansi. Pa mnyewa wokutidwa bwino umatha kupitirira mamita 100 pa sekondi. Koma liwiro palokha si nkhani. Chachikulu n'chakuti uthenga ufike pa nthawi yake. Ganizirani swala ya Eid pabwalo, anthu ali mizeremizere. Ngati mawu a imamu afika mochedwa kumizere ya kumbuyo, akutsogolo adzakhala akudzuka pamene akumbuyo akuyamba kumene kuwerama. Palibe amene walakwa dala, koma jamaa yasokonekera.

Maselo amene amakuta nthambozi anawafotokoza koyamba ndi katswiri wa ku Spain, Pío del Río Hortega, m'chaka cha 1921. Dzina lake ndi oligodendrocyte, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza selo la nthambi zochepa. Kuti tisadzilume lilime, m'nkhani ino tiziwatcha maselo okuta. Selo limodzi lotere limatambasula manja ake n'kukulunga nthambo makumi angapo nthawi imodzi.

Tsono maselo okutawa amachokera kuti? M'chaka cha 1983 ku London, Martin Raff ndi anzake awiri, Robert Miller ndi Mark Noble, akupima mnyewa wa diso la khoswe, anapeza maselo ena aang'ono amene sanakhwime, koma amene akakula amasanduka maselo okuta. Akatswiri amawatchula mwachidule kuti OPC. Ife alimi a fodya sitingavutike kuwamvetsa. Mlimi wanzeru akawokera fodya wake sazula mbande zonse panazale. Amasiyako zina, kuti pomwe pafa mbewu akapakize. Maselo amenewa ndi mbande za mu ubongo. Chodabwitsa n'chakuti nazale yake siuma mwana akakula. Ngakhale mu ubongo wa agogo mbandezi zilimo, pafupifupi zisanu mwa maselo 100 alionse, zomwazikana paliponse, ndipo pa maselo onse a mu ubongo wa munthu wamkulu ndizo zimaswana koposa.

Kwa zaka zambiri anthu ankayesa kuti mbandezi zimangokhala phee kudikira ngozi. Koma m'chaka cha 2000 Dwight Bergles ndi anzake ku America anaonetsa kuti maselo a minyewa amatumiza uthenga mwachindunji kwa mbandezi, monga amatumizirana okhaokha. Kunena kwina, mbande zimamvetsera nthambo imene ikugwira ntchito kwambiri. Ndipo m'chaka cha 2014 gulu la William Richardson ku London linayesa pa mbewa. Inde, mbewa, abale ake a zija anzathu amagulitsa pampani m'mbali mwa msewu wa ku Dedza. Ife sitidya, koma apa zatiphunzitsa kanthu. Anaziika pa gudumu lothamangapo lokhala ndi timitengo totalikirana mosiyanasiyana. Mbewa zabwinobwino zinaphunzira kuthamangapo m'masiku ochepa, ndipo mu ubongo wake munapezeka maselo okuta atsopano. Koma mbewa zimene mbande zake anazitsekereza kuti zisakhwime zinalephera kulizolowera gudumulo. Masiku ano ndikamamva ana anga akubwereza aya imodzimodzi kakhumi pansi pa mtengo wa mango, ndimakumbukira mbewa zimenezi, ndipo sindikwiya msanga ndi mwana wochedwa kugwira.

Pamene mbande zalephera

Chimene chinachititsa madokotala kuganizira za maselowa pa matenda a schizophrenia, choyamba ndi msinkhu. Ubongo sukutidwa wonse nthawi imodzi. Ntchitoyi imayamba mwana ali m'mimba, imathamanga kwambiri m'zaka ziwiri zoyambirira, koma dera la kutsogolo, kuseri kwa mphumi, komwe munthu amalingalirira ndi kudziletsa, limamalizika mochedwa, munthu atapitirira zaka 20. Matendawa nawonso amakonda kuonekera pa msinkhu womwewo, kumapeto kwa unyamata mpaka m'zaka za m'ma 20, ndipo kwa amuna amafulumirako kusiyana ndi akazi. Mnyamata wanga uja anali ndi zaka 19.

M'chaka cha 2001 akatswiri a pa Mount Sinai ku New York, motsogozedwa ndi Kenneth Davis, anapima ubongo wa anthu amene anamwalira ali ndi matendawa. Anapeza kuti malangizo a chibadwa amene maselo okuta amatsatira popanga myelin ankagwira ntchito mofooka poyerekeza ndi anthu ena. Nthawi yomweyo ku Moscow, Natalya Uranova ndi anzake ankayang'ana ubongo wotere pa makina okulitsa zinthu, ndipo anaona maselo okuta owonongeka ndi myelin wosalongosoka. Kenaka m'chaka cha 2018 magulu 29 a ofufuza a m'maiko osiyanasiyana anasonkhanitsa zithunzi za ubongo wa odwala 1,963 ndi anthu osadwala 2,359. Kusiyana kunapezeka pafupifupi m'mbali yoyera yonse, osati pa malo amodzi okha.

Koma wina akhoza kufunsa, monga ndinafunsira ine: kodi si matendawo, kapena mankhwala omwa zaka zambiri, amene anawononga nthambozo? Poyesa kuyankha funso limeneli, Steven Goldman wa ku Rochester ku America ndi anzake anachita chinthu chimene makolo athu akanati ndi matsenga. Anatenga maselo a pakhungu la odwala amene matendawa anawayamba ali ana, anawasandutsa mbande m'nyumba yofufuzira, n'kuziika mu ubongo wa tiana ta mbewa. Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2017. Mbande za odwalawo zinakuta nthambo mosakwanira poyerekeza ndi mbande za anthu osadwala, ndipo mbewa zimene zinalandira mbande za odwala zinasonyeza mantha ambiri, kupewa zinzake ndi kusagona bwino.

Nanga mawu aja amachokera kuti? Akatswiri ena akuganiza motere. Munthu ukamalankhula, kapena kulankhula chamumtima, dera la ubongo limene likupanga mawuwo limatumiza chenjezo ku dera lakumva, kuliuza kuti mawu akubwerawa ndi athu omwe. Ngati nthambo ya pakati pa madera awiriwa sinakutidwe bwino, chenjezolo limafika mochedwa, ndipo ganizo lako lomwe umalimva ngati mawu a mlendo. Choncho wodwala akamati akumva mawu sakunama, ndipo kumukalipira kuti asiye zabodza n'kungomuwonjezera mantha.

Ndisakunamizeni kuti nkhani yonse yathera pamenepa. Kafukufuku wamkulu wa za chibadwa wa m'chaka cha 2022 anapeza malo 287 okhudzana ndi matendawa, ndipo ambiri ankaloza ku maselo a minyewa enieniwo ndi polumikizirana pake. Mankhwala amene tili nawo amagwira ntchito pa chinthu china cha mu ubongo chotchedwa dopamine, osati pa mbande. Mbandezi ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi. Koma ndi mbali imene imatikhudza ife apabanja, pa chifukwa chimene ndikufuna kunena tsopano.

Gowelo lija

M'chaka cha 2012 magulu awiri a ofufuza ku America anayesa chinthu chophweka: kuika mbewa payokha. Gulu la Gabriel Corfas ku Boston linapatula tiana ta mbewa kwa milungu iwiri titangoleka kuyamwa. Myelin wa kutsogolo kwa ubongo anakhala wopyapyala, ndipo ngakhale anatibwezera kwa tinzake sanabwerere mwakale. Gulu la Patrizia Casaccia ku New York linapatula mbewa zikuluzikulu kwa milungu 8. Nazonso myelin anachepa ndipo zinayamba kupewa zinzake, koma zitabwezedwa m'gulu ubongo unayambanso kukonzeka.

Mbewa si munthu, ndikudziwa. Koma tsiku limene ndinawerenga zimenezi tulo sindinatione. Ndinakumbukira windo lija la gowelo ndi mbale ya nsima. Tinkayesa kuti tikumuteteza, komanso kunena zoona tinkabisa manyazi athu, pamene tinali kumumana chinthu chimene ubongo wake unkachifuna: nkhope za anthu, mawu enieni a mayi ake, kantchito kogwira ndi manja. Ndipo madokotala amanenetsa kuti munthu akakhalitsa ndi matendawa osalandira mankhwala, kuchira kwake kumavutirapo.

Chondipweteka n'chakuti chipembedzo chathu chinali chitatiuza kale. M'malamulo a fiqh munthu amene nzeru zamuchokera sawerengeredwa mlandu pa swala ndi swaumu zimene zamudutsa pa nthawi imeneyo, talaka imene angatchule sigwira, ndipo chuma chake chimasungidwa ndi womuyang'anira kuti chimudyetse ndi kumuveka iye mwini, osati kugawana. Amenewa ndi malamulo a munthu wodwala, osati wotembereredwa. Asilamu akale anamanga zipatala zotchedwa bimaristan zimene zinkalandiranso odwala misala: cha Nur al-Din ku Damascus m'chaka cha 1154, cha Sultan Qalawun ku Cairo m'chaka cha 1284, ndi cha Arghun ku Aleppo m'chaka cha 1354, chimene zipinda zake zinazungulira mabwalo okhala ndi akasupe a madzi. Anthu amenewo ankawerenga Qur'an kuposa ife, ndipo ankadziwa za majini, koma sanaone kuti dua ndi dokotala n'zotsutsana. Sindikunena kuti tisiye ruqya. Ndikunena kwa masheikh ndi aphunzitsi anzanga kuti banja likatiitana kwa munthu womva mawu, tiwerenge, ndipo tsiku lomwelo tifunse kuti njinga yopita kuchipatala ili kuti.

Zimene zimapsereza nazale

Pali zinthu zina za kwathu kuno zimene zimavulaza mbali yoyera ya ubongo, ndipo zambiri zimayamba kalekale munthu asanadwale. Mbande zimakhala zanthete kwambiri pakati pa milungu 23 ndi 32 ya pathupi. Mwana akabadwa pa nthawi imeneyi, kuchepa kwa mpweya kapena matenda olowa m'magazi kumapha mbandezi mosavuta, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene ana ena obadwa masiku osakwana amakula ndi miyendo youma. Lipoti la m'chaka cha 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa nkhani ya ana obadwa masiku osakwana, ana 18 mwa 100 alionse. Chaka chomwecho kafukufuku wa ku Sweden anasonyeza kuti obadwa milungu 32 isanakwane ankagonekedwa m'chipatala ndi matenda a mtundu wa misala kuwirikiza kawiri ndi theka kuposa anzawo. Amuna anzanga, sikelo ya amayi oyembekezera si nkhani ya akazi okha. Mapiritsi a ayironi amene amapatsidwa kumeneko asamathere pansi pa mphasa, pakuti mu ubongo monse maselo okuta ndiwo amasunga ayironi wambiri, ndipo popanda iye myelin sapangika bwino.

Malungo a mu ubongo nawonso. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala ogwira ntchito ndi Terrie Taylor anapima ubongo wa ana amene anamwalira ndi malungo amenewa, ndipo m'chaka cha 2011 analemba kuti anapeza myelin ndi nthambo zowonongeka pafupi ndi timitsempha ta magazi totsekeka. Ena mwa ana opulumuka amatsala ndi khunyu kapena vuto la kuphunzira. Neti imene mwatchingira nkhuku kapena dimba la tomato ndi ya mwana ameneyo.

Za njala ndinene mosamala. Ku Holland kunagwa njala m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, ndipo ku China kuyambira 1959 mpaka 1961. M'maiko onse awiri, ana amene anali m'mimba njala itafika pachimake anadzadwala schizophrenia kuwirikiza kawiri kuposa ena. Ife tikukumbukira njala ya 2002, pamene anthu kuno ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Ana amene anali m'mimba chaka chimenecho lero apitirira zaka 20. Musachite mantha: ngakhale ku China odwalawo anali pafupifupi awiri okha mwa 100. Ndikungonena kuti mayi woyembekezera asamakhale womaliza kudya.

Chamba ndiye sindichedwapo, pakuti ndi haramu kale. Ku Sweden anatsatira anyamata 45,570 olowa usilikali kwa zaka 15, ndipo m'chaka cha 1987 zinadziwika kuti amene anali atasuta koposa ka 50 anadwala schizophrenia kuwirikiza ka 6. Koma tisamanene kuti aliyense wodwala anasuta. Mnyamata wanga sanasutepo.

Kopita ndi zoyembekezera

Poyambira ndi chipatala chapafupi, monga cha Mitundu kapena cha Nathenje. Iwo ndiwo amaona ngati wodwala athandizidwe pomwepo kapena atumizidwe kwina. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Chinatsegulidwa m'chaka cha 1953, pamene kuyambira 1910 odwala misala ankasungidwa pa ndende ya ku Zomba komweko. Abale a Chikatolika a St John of God, amene anayamba ntchito yawo ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, alinso ndi malo ku Lilongwe. Si wodwala aliyense amene amagonekedwa. Ambiri amalandira mankhwala n'kumakhala kwawo.

Mankhwala odziwika kuno ndi chlorpromazine, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Paris m'chaka cha 1952, haloperidol, ndi jakisoni wa pamwezi wa fluphenazine. Sagwira tsiku limodzi, pamatenga milungu. Ena amawodzera nawo, ena amauma khosi, kunjenjemera manja kapena kuchucha dovu. Zikatero musasiye mwa inu nokha, bwererani mukanene, pakuti pali njira yochepetsera zimenezi. Wodwala akayamba kupeza bwino mpamene mabanja ambiri amalakwitsa, amati wachira n'kusiya mankhwala, ndipo matenda amabwerera. Pa Ramadhani funsani dokotala mwezi usanaoneke ngati mapiritsi angasunthidwe kuti azimwedwa pa futali kapena pa daku. Akakana, wodwala ali ndi chilolezo chosafunga. Jakisoni amene si wa chakudya maulama ambiri amati samasula swaumu.

Mnyamata uja mawu anamusiya patapita milungu isanu ndi umodzi. Sanabwerere mmene analili; amalankhula pang'ono, ndipo majuzu ena anamuthawa. Tinayambanso naye kuchokera ku masura afupiafupi, ine ndi iye, swala ya Asr ikatha. Gowelo lija analichotsa loko, ndipo tsopano amagonamo ndi mng'ono wake. M'mawa amathirira dimba la atsibweni ake omwe aja. Lachisanu lapitali anaima pa mzere wachiwiri, pakati pa bambo ake ndi mkulu wina wogulitsa nsomba zouma, ndipo anamaliza marakaa onse awiri pamodzi ndi imamu. Potuluka mayi ake anandiimitsa pa mpanda wa mzikiti kundikumbutsa kuti jakisoni wa mwezi uno ndi Lachiwiri, ndipo njinga ya kwawo yathyoka tcheni. Ndawauza kuti adzatenge yanga.